Kodi mumadziwa? Kutenga ana pa mipata ya sinowo ya Sierra Nevada

Kodi mumadziwa kuti mwezi wa Juni, kuno tikamafunda mabulangete awiriawiri, ku California chilimwe chimakhala chikungoyamba? Sukulu zimakhala zatsekera, ndipo makolo ambiri amalakalaka kupita ndi ana kumapiri a Sierra Nevada. Ulendo wake ndi wapansi, wa masiku angapo, aliyense atabereka chikwama chake: tenti, zofunda, chakudya ndi kachitofu ka gasi. Kuchigwa kumakhala kutatentha kale, koma pamwamba pa mapiriwo chipale chofewa, chija ambiri timangoti sinowo, chimakhala chidakalipo.

Kodi mumadziwa kuti njira yotchuka kwambiri kumeneko, John Muir Trail, ndi yotalika makilomita pafupifupi 340? Imayambira ku Yosemite Valley n'kukathera pansonga pa Mount Whitney, phiri la mamita 4,421. Anayamba kuilambula mu 1915, chaka chotsatira imfa ya John Muir, mwini dzina la njirayi, ndipo inatha mu 1938.

Kupatula pothera pakepo, njira imeneyi sidzera pansonga za mapiri ayi. Imadzera m'mipata, malo otsikirako apakati pa nsonga ziwiri. Koma mawu akuti otsikirako asakunyengeni. Glen Pass uli pa mamita 3,635, Muir Pass pa mamita 3,644, ndipo Forester Pass, mpata wokwera kuposa yonse pa njirayi, uli pa mamita 4,009. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti mwana wa zaka 10 akaima pa Glen Pass amakhala atapitirira Sapitwa ndi mamita oposa 600.

Kodi mumadziwa kuti mabanja ambiri sayesa n'komwe njira yonseyi? Amasankha kachigawo. Kotchuka ndi Rae Lakes Loop, njira yozungulira ya makilomita pafupifupi 66 mu Kings Canyon National Park. Imayambira ndi kuthera pamalo otchedwa Road's End, pa mamita 1,535, ndipo ili ndi mpata umodzi wokha, Glen Pass uja. Akuluakulu amaimaliza masiku anayi kapena asanu. Wokhala ndi ana awonjezerepo masiku.

Tsopano nayi nkhani yomwe imasowetsa makolo tulo. Kodi mumadziwa kuti chilolezo chogonera m'mapiriwa chimagulidwa sinowo wa chaka chimenecho asanadziwike? M'nyengo yotentha akuluakulu a paki amalola anthu owerengeka okha kulowa pa njira iliyonse tsiku lililonse, ndipo malo amayamba kusungitsidwa pa intaneti kutatsala miyezi 6. Amene akufuna kuyenda kumapeto kwa Juni amasungitsa malo mu Disembala, pomwe sinowo wangoyamba kumene kugwa. Ku Yosemite n'kovutirapo, chifukwa amachita maere kutatsala masabata 24. Choncho munthu amasankha tsiku ali mumdima, n'kudikira miyezi itatu kapena inayi kuti adziwe ngati tsikulo lidzamulole kuyenda ndi ana.

Tsiku lodziwira ndi 1 Epulo. Kodi mumadziwa kuti boma la California limayeza sinowo wa m'mapiriwa chaka ndi chaka, ndipo muyezo wa pa tsikuli ndiwo umatengedwa ngati wa pachimake? Sachita izi poganizira alendo oyenda m'mapiri. Madzi osungunuka kuchokera ku sinowo ameneyu ndi pafupifupi 30 peresenti ya madzi onse omwe California imagwiritsa ntchito, pakumwa ndi pa ulimi wothirira. Koma oyenda m'mapiri amapindula nawo, chifukwa ziwerengerozo zimaulutsidwa poyera.

Ndipo zaka zimasiyana modabwitsa. Pa 1 Epulo 2015, sinowo anali 5 peresenti yokha ya mlingo wa nthawi zonse. Bwanamkubwa Jerry Brown anakaima pa udzu wouma pamalo oyezera otchedwa Phillips Station, pomwe pankayenera kukhala sinowo wakuya, n'kulamula kuti mizinda ichepetse madzi ogwiritsa ntchito ndi 25 peresenti. Patangopita zaka 8, mu 2023, sinowo anapitirira kawiri mlingo wa nthawi zonse, ndipo kummwera kwa mapiriwa, komwe kuli Glen Pass ndi Forester Pass, anafika pafupifupi katatu. Tsiku la 20 Juni mu 2015 ndi la 20 Juni mu 2023 linali lofanana pa kalendala pokha. Amene anawoloka Glen Pass mosavuta chaka china sangakuuzeni za chaka chino, ngakhale akhale mnzanu wapamtima.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale misewu ya galimoto imadikira sinowo? Tioga Road, msewu wodutsa ku Yosemite womwe umakwera mpaka mamita 3,031, umatsekedwa nyengo yozizira yonse. Zaka zambiri umatsegulidwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Mu 2023 unatsegulidwa pa 22 Julaye. Chaka chomwecho msewu wotsikira ku Cedar Grove ndi Road's End unawonongeka ndi mvula ndi madzi osefukira, ndipo sunatsegulidwe chilimwe chonse. Chilolezo chili m'manja, koma pofikira panalibe.

Nanga mumadziwa kuti mpata umodzi umakhala ndi nkhope ziwiri? Kumeneko dzuwa limadzera chakummwera, motero mbali ya kummwera ya phiri imasungunuka msanga, pomwe ya kumpoto imasunga sinowo kwa masabata ena angapo. Munthu atha kukwera Glen Pass kuchokera kummwera akuponda miyala youma, mtima uli m'malo, n'kufika pamwamba n'kupeza kuti kutsetsereka konse kwa kumpoto, kolowera ku Rae Lakes, n'koyera mbuu ndi kotsika moopsa. Zithunzi za mbali imodzi sizikwanira. Funsani za mbali zonse ziwiri.

Kodi mumadziwa kuti sinowo yemweyo amasintha katatu pa tsiku? Mbandakucha amakhala wouma gwa ndi woterera, moti nsapato wamba sizigwira. Dzuwa likangomuwomba kwa maola angapo amafewa pamwamba pokha, ndipo phazi limaluma bwino. Imeneyi ndiyo nthawi yodutsa. Masana amasanduka phala, ndipo mwendo umatitimira mpaka m'bondo, mwina mpaka m'ntchafu, pa sitepe iliyonse. Kutitimira kumeneku kumatha mphamvu ndipo kumavulaza, chifukwa pansi pake pamakhala miyala yosaoneka, ndipo pafupi ndi miyala ndi pomwe sinowo amakhala wa mphako. N'chifukwa chake odziwa amagona pafupi ndi mpata, n'kulawirira m'mamawa kuti pofika 10 koloko akhale atawoloka. Kwa banja, izi zikutanthauza kudzutsa ana kusanache, kunja kukuzizira. Akonzekeretseni maganizo mudakali kunyumba.

Pali chinthu china chotopetsa. Dzuwa silisungunula sinowo mofanana: limakumba timaenje tambirimbiri togundana, tina tofika m'bondo, ndipo kuyendapo kuli ngati kudutsa munda mopingasa mizere. Wamkulu amaponda pamwamba pa mzere uliwonse, koma wa miyendo yaifupi amalowa ndi kutuluka mu dzenje lililonse. Mtunda umene pouma ndi wa ola limodzi, pa sinowo wotereyu utha kudya maola awiri kapena atatu.

Kodi mumadziwa kuti sinowo amakwirira njira yeniyeniyo? Pamipata njira inasemedwa mokhotakhota kuti chitunda chisapweteke. Ikakwiririka, otsogola amangolunjika, ndipo mapazi awo ndiwo amasanduka njira. Mapazi amenewo sanena ngati mwini wake ankadziwa komwe akupita. Mapu a pepala ndi kampasi zisasowe, kuwonjezera pa mapu a mufoni.

Za zida, pali ziwiri zomwe zimatchulidwa kawirikawiri. China ndi timaunyolo ta mano achitsulo tovala kunsi kwa nsapato, tothandiza pa sinowo wouma wa m'mawa. China ndi nkhwangwa ya ayezi, yomwe munthu akaterereka amaizika pansi n'kuigonera kuti aime. Kodi mumadziwa kuti nkhwangwa imeneyi siteteza munthu amene sanaphunzire kuigwiritsa ntchito? Kudziimitsa kumafuna kuyeserera mobwerezabwereza pamalo osaopsa, mpaka thupi lizichita lokha m'kamphindi koyamba, liwiro lisanakule. Maganizo anga pa nkhaniyi ndi olimba: mpata umene ukufuna nkhwangwa tsiku limenelo si wa mwana wamng'ono. Bambo kapena mayi sangagwire nkhwangwa ndi dzanja lina, mwana ndi dzanja lina, n'kuimitsa anthu awiri akutsetsereka.

Koma kodi mumadziwa kuti choopsa chachikulu cha kumayambiriro kwa chilimwe si sinowo, koma madzi ake? Apa ndikhalitsapo, chifukwa maso a anthu ambiri amathera pa zithunzi za mipata yoyera, mitsinje n'kuiiwala. Walira mvula walira matope: dzuwa lomwe mukulipempha kuti lisungunule mpata ndi lomwenso limadzaza mitsinje yomwe muyenera kuwoloka musanafike pampatapo. Kamtsinje kodumphika pa miyala mu Seputembala, mu Juni kamakhala mtsinje waukali wofika m'chiuno, madzi ake ozizira motsala pang'ono kuundana. Miyendo imachita dzanzi m'mphindi zochepa. Mu Julaye 2017, chaka cha sinowo wambiri, anthu awiri oyenda pa njira ina yaitali yotchedwa Pacific Crest Trail anamira m'mitsinje ya m'mapiri omwewa, wina ku Kings Canyon, wina ku Yosemite. Anali akuluakulu oti ayenda kale makilomita mazanamazana.

Mitsinje imeneyi ili ndi nthawi yake. Imaphwera m'mawa, chifukwa usiku sinowo amaleka kusungunuka, ndipo imadzaza madzulo mpaka usiku, madzi a masana akatsika. Banja likafika pamtsinje 4 koloko madzulo n'kuona kuti wakwiya, limange tenti pompo n'kuuonanso m'mawa. Ndipo pomwe njira yafikira mtsinje si pomwe muyenera kuwolokera. Yendani m'mbali mwake kufunafuna pomwe watambasuka kapena wagawikana timifuleni. Pa Evolution Creek, umodzi wa mitsinje yoopedwa pa John Muir Trail, pali powolokera pena cha kumtunda, m'dambo, pomwe madzi ndi akuya koma odekha, ndipo madzi akachuluka anthu amadzera pamenepo.

Powoloka, nsapato sizivulidwa, chifukwa phazi lozizira silimva mwala wakuthwa. Lamba wa chikwama wa m'chiuno ndi wa pachifuwa amamasulidwa, kuti munthu akagwa achitaye msanga chisamukokere pansi. Nkhope iyang'ane komwe madzi akuchokera, ndodo zili m'manja, phazi limodzi lisunthe linzake litakhazikika. Musanalowe, yang'anani kumunsi: ngati kuli mathithi kapena mtengo wogwera m'madzi, pamenepo ayi. Osamanga munthu chingwe m'chiuno, chifukwa madzi amamukanikizira pansi chingwecho chitamugwira. Wamkulu ayambe wawolotsa zikwama, kenako abwerere kudzatenga ana mmodzimmodzi, iye ali kumtunda kwa madzi kuti aziwatchinga. Ndipo muyezo wa kuya kwa madzi ndi mwendo wa wamng'ono pa onse. Madzi othamanga ofika m'bondo mwa bambo amakhala ali m'chiuno mwa mwana.

Kodi mumadziwa kuti milatho nayo imagonja? Mlatho wa pa South Fork Kings River ku Paradise Valley, pa Rae Lakes Loop pomwe, unakokoloka m'nyengo yozizira ya 2016 mpaka 2017. Wa pa South Fork San Joaquin River unapindika ndi kulemera kwa sinowo wa 2023. Mlatho wojambulidwa pa mapu ufunsidwe kaye kwa alonda a paki ngati ulipodi. Pa Woods Creek pali mlatho wolenjekeka pa zingwe, wogwedera, womwe amalola munthu mmodzi yekha pa nthawi. Mwana amawoloka yekha pamenepo, ndipo ndi bwino adziwiretu.

Palinso milatho yonyenga, ya sinowo wokuta kamtsinje. Pamwamba pamaoneka polimba, pansi madzi akudya. Mukamva madzi akulira kunsi kwa mapazi, chokanipo.

Kodi mumadziwa kuti thupi limayamba kudandaula ndi kuchepa kwa mpweya kuyambira pa mamita pafupifupi 2,500? Mutu umapweteka, mseru, chilakolako cha chakudya chimatha, tulo sitibwera. Madokotala a za m'mapiri amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000 asakweze malo ogona ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi. Mwana wamng'ono sanganene kuti mutu ukundiwawa chifukwa cha phiri. Amangolira, kukana chakudya, kusiya kusewera, ndipo kholo lotopa litha kuganiza kuti ndi matukutuku. Zizindikiro zikayamba, musakwerenso. Zikakula, makamaka kudzandira poyenda, kusokonezeka mutu kapena kubanika munthu ali chikhalire, mankhwala ake ndi kutsika nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Amene amalowera m'mapiriwa chakummawa, ku Onion Valley pafupi ndi tauni ya Independence, galimoto imawasiya pa mamita pafupifupi 2,800. Kugona pamenepo usiku umodzi musanakwere mpata wa Kearsarge Pass si kutaya tsiku.

Kodi mumadziwa kuti sinowo watsopano amabweza mpaka 80 peresenti ya cheza choopsa cha dzuwa, ndipo chezacho chimakula ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse okwera? Anthu amapsa kunsi kwa chibwano ndi m'mphuno. Maso nawo amapsa, ndipo ululu umayamba patapita maola, munthu ali kale mu tenti. Khungu lakuda silitchinjiriza maso. Magalasi akuda ndi a aliyense, ndi ana omwe.

Nanga sinowo wofiirira mumamudziwa? Mtunduwo umachokera ku ndere zing'onozing'ono zomera pa sinowo m'chilimwe. Ana amakopeka naye. Asadye.

Kodi mumadziwa kuti mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse? Ku Rae Lakes, pa mamita pafupifupi 3,200, madzi atha kuundana usiku ngakhale mu Juni. Zovala za thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimayamwa kutentha kwa thupi, n'chifukwa chake oyenda m'mapiri amavala za ubweya kapena za nayiloni. Masokosi ouma ogonera asungidwe m'pulasitiki, asavalidwe masana zivute zitani. Moto woti muwothe musaudalire: ku Kings Canyon saloleza kusonkha moto pamwamba pa mamita 3,048, chifukwa mitengo ya kumeneko imakula pang'onopang'ono kwambiri. Ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 89, choncho mpunga ndi nyemba zimachedwa kupsa n'kutha gasi. Tengani zakudya zongothira madzi otentha.

Kodi mumadziwa kuti chimbalangondo chojambulidwa pa mbendera ya California, cha mtundu wa grizzly, chinatha m'dera limeneli m'zaka za m'ma 1920? Zotsala ndi zimbalangondo zakuda, ndipo zimenezi zimafuna chakudya chanu, osati inu. Ku Yosemite konse ndi ku Rae Lakes lamulo limafuna kuti chakudya chisungidwe m'chigubu cholimba chomwe chimbalangondo sichingatsegule. Mumalowanso chilichonse chonunkhira: mankhwala otsukira mano, sopo, mafuta odzola, zinyalala, ndi switi yomwe mwana wabisa m'thumba. Chigubu chachikulu wamba, cha malita 11 kapena 12, chimalemera kupitirira kilogalamu chili chopanda kanthu, ndipo chimakwana chakudya cha munthu mmodzi cha pafupifupi sabata. Banja la anthu anayi loyenda masiku asanu lifunika zitatu, ndipo onyamula ake ndi makolo, poti mwana sayenera kusenza katundu woposa 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa thupi lake. Wa makilogalamu 30 anyamule atatu kapena anayi basi. Kuwerengera kumeneku kokha kumafupikitsa maulendo ambiri.

Udzudzu ulipo, ndipo ndi wochuluka koopsa. Umaswana m'zithaphwi za sinowo wosungunuka, n'kufika pachimake masabata angapo sinowo atachoka. Sufalitsa malungo, koma utha kuliza mwana tsiku lonse. Kaneti kovala kumutu n'kopepuka, musakasiye.

Kodi mumadziwa kuti pa Muir Pass pali kanyumba ka miyala komwe bungwe la Sierra Club linamanga mu 1930 kuti anthu azibisalamo nyengo ikaipa? N'kothawiramo pangozi, si kogona alendo. Amene anazolowera Mulanje, komwe munthu amayenda kuchoka pa nyumba ina kukagona pa ina monga Chambe ndi Lichenya, adziwe kuti pa mipata ya Sierra Nevada denga lake ndi tenti yomwe wanyamula. Netiweki ya foni kulibe m'madera ambiri, motero ambiri amatenga kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo amasiyira wachibale pepala lonena njira yawo ndi tsiku lotulukira.

Kodi mumadziwa kuti oyenda pa Pacific Crest Trail ali ndi tsiku lawo lomwe amalitenga ngati loyenera kulowera m'mapiriwa kuchokera ku Kennedy Meadows? Ndi 15 Juni, pa chaka cha sinowo wapakatikati. Koma amenewo ndi anthu oti ayenda kale makilomita oposa 1,100 kuchokera kumalire a Mexico, miyendo inakhwima. Banja la ana lisatengere tsiku lawo. Chaka cha sinowo wapakatikati, pakati pa Julaye ndi poyambira pabwino. Chaka cha sinowo wambiri, dikirani Ogasiti. Ngati tchuthi chili mu Juni basi, sungitsani zilolezo ziwiri, china cha mpata, china cha njira ya m'munsi yopita kunyanja n'kubwerera, ndipo muyezo wa pa 1 Epulo ukatuluka mubweze chimodzi kuti ena apezepo malo.

Ndipo pa Rae Lakes Loop, mbali yoyambira ili ndi kanthu. Oyambira ku Paradise Valley ndi Woods Creek amakwera pang'onopang'ono, thupi likuzolowera, ndipo amakumana ndi sinowo wa kumpoto kwa Glen Pass akukwera, zomwe n'zosaopsa poyerekeza ndi kumutsika. Amamuonanso ndi maso ali kunyanja za Rae Lakes, dzulo lake, n'kufunsa amene angotsika kumene. Koma pofika pamenepo amakhala atayenda kupitirira theka la ulendo, moti mpata ukakana, njira yobwerera ku Road's End ndi yotalika kuposa yomwe inatsala kutsogolo. M'zigubu zija mukhale chakudya cha tsiku limodzi lowonjezera, ndipo wachibale amene mwamusiyira pepala adziwe kuti mutha kutuluka mochedwa ndi tsiku limodzi.